Matailosi mu shawa ya mu Rosa, kodi apirira msewu kapena ndingotaya ndalama?

Wa_Rosa_yoyera, Chipata

Muli bwanji nonse. Amisiri ndithandizeni, nkhani iyi yandisowetsa tulo ndipo kunyumba tatsala pang'ono kuyambana chifukwa cha iyo.

Chaka chatha ndinagula basi ya Rosa yakale kwa amalume anga, ija inkathamanga Chipata Lundazi mpaka iwo anatopa nayo. Injini ikadali yamphamvu koma mipando inali itatheratu, ndiye ndinangozula yonse kusiyako iwiri ya kutsogolo. Ine ntchito yanga ndi yogula nshawa, soya ndi mpendadzuwa, kuyambira May mpaka August ndimakhala m'midzi, Chadiza, Vubwi, Chipangali, nthawi zina kutsikira ku Malambo, masabata awiri osaponda kunyumba. Ndatopa nako kugona pa matumba, komanso kupempha bafa kwa eni mudzi m'mawa uliwonse kumandichititsa manyazi, amakupatsa ndithu ndi mtima umodzi koma iwe ukuona kuti madziwo mayi wawasenza pamutu kuchokera kutali. Ndiye ndinati basi imeneyi ikhale nyumba yanga ya mateyala. Bedi ndaika kale kumbuyo, kakhitchini kali pakati, solar ili padenga. Zikatheka August ikubwerayi tipite nayo ku Kulamba ku Mkaika ndi banja lonse, osayamba kuzungulira mu Katete kusaka kogona.

Manje chatsala ndi shawa. Malo ndasiya 80 cm kwa 80 cm, mbali ya kumanzere, kumbuyo pang'ono kwa teyala la kumbuyo, kutalika kwake pafupifupi 1.8 m. Amake mwana ati iwo safuna kusambira mu chimalata ngati alowa mu dramu, akufuna matailosi, ndipo mwayi wake tili ndi mabokosi anayi a 40 kwa 40 omwe anatsala titamanga nyumba. Mmisiri amene anatiikira kunyumba uja wabwera, wayang'anayang'ana, ati palibe vuto abwana, tikhoma pulayiwudi, tipaka tile fix yomatira matailosi, kenako grout yotsekera mizere ya pakati pa matailosi, mkuja mwayamba kusamba. Koma mtima wanga ukukana. Nyumba siyenda. Iyi ndi motoka, izikadumpha mahampu, maenje, ndi misewu yafumbi ya mizeremizere ija imagwedeza mpaka mano.

Ndiye kodi alipo amene anaikapo matailosi mu basi kapena mu lole n'kukhala? Nanga tile fix wamba uyu wa m'nyumba angagwire pa pulayiwudi? Ndipo madzi akadutsa pansi osaoneka, si ndiye ndiwoletsa motoka yonse? Ndiuzeni zoona chabe, osandinyengerera.

Njinga_ya_pa_Saturday_Market

Kkkkk abwana mukufuna kumanga lodge ya mateyala anayi. Ndowa ndi kapu zinakulakwirani chani? Mukafika pa Luangwa Bridge matailosi onse adzakhala ali mu kona imodzi ngati magobo a mbale, mudzangosesa. Koma mukamaliza mundiitane ndidzasambe ine woyamba, ndibwera ndi sopo wanga.

Mmisiri_wa_ku_Katete

Mphwanga mwachita bwino kufunsa musanatsegule thumba la tile fix, safunsa anadya phula. Ine ndaika matailosi zaka zoposa 20, m'nyumba, m'masitolo, m'makontena. Mu basi ndinaikamo kamodzi, Coaster ya bambo wina wake, ndipo ntchitoyo ndinaibwereza ndi ndalama za m'thumba mwanga. Ndinachita ndendende zomwe mmisiri wanuyo akunena. Tsiku lomaliza zinali zokongola mpaka tinajambula zithunzi. Anapita nayo ku Petauke ulendo umodzi, pobwera grout ya m'makona yonse inali itasanduka ufa, patatha mwezi matailosi awiri a pakhoma anang'aluka pakati, pulayiwudi ya pansi itafufuma ngati chitumbuwa.

Musanamvere ine kapena wina aliyense chitani ichi kaye. Kwezani teyala limodzi la kumbuyo pa chulu kapena pa mwala waukulu kuti motoka ipendeke, ndiye lowani mkati muyese kutseka zitseko za makabati omwe mwapangawo. Muona zina zikukhula, zina sizikulowa, mwatsitsa motoka zabwerera mwakale. Thupi la basi limapotoka, ndi momwe analipangira, likanakhala louma gwa bwenzi likuthyoka pa msewu. Tailosi silidziwa kupotoka, lili ngati mbale yadothi, mukalikakamiza limangoti phwa. Ndiye pali kutentha. Chitsulo cha mamita 2 chikatenthedwa ndi madigiri 30 chimatalika pafupifupi 0.7 mm, tailosi limatalika cha m'ma theka la pamenepo. Mukuona ngati n'zochepa, koma grout ya simenti ilibe pothawira, ndipo inu mukuti mumatsikira ku Malambo komwe dzuwa la masana lata la motoka simungaligwire ndi dzanja, usiku wa June n'kuzizira. Tsiku ndi tsiku kukoka ndi kubwerera, chinachake chiyenera kugonja.

A 40 kwa 40 anuwo iwalani. Akaikeni pa khonde la kunyumba. Tailosi likakhala lalikulu ndiye kuti pansi pake pakapindika pang'ono lonse lavulala. Omwe amapirira mu motoka ndi ang'onoang'ono aja a mosaic, ngati 5 cm kwa 5 cm, amabwera atamatidwa pa kaukonde, pepala limodzi 30 kwa 30. Mizere ikachuluka kugwedezeka kumagawikana, kalikonse kamangosuntha pang'ono pakokha, komanso phazi siliterereka pa sopo.

Koma chinsinsi chenicheni sichili pa tailosi, chili pa chimene chili kumbuyo kwake. Ulendo wachiwiri uja tinachita chonchi. Wowotcherera anapanga felemu ya square tube ya 25 mm ngati kabokosi koima pakokha, zitsulo zoyandikana kuti khoma lisamabonyoke ukalitsamira. Tinakamanga ndi mabawuti pansi pokha, pakati n'kuika labala, ndipo kumwamba ndi kumbali sitinakawotcherere ku thupi la basi, tinangokagwiriza ndi timabulaketi tokhala ndi labala. Basi ikamapotoka izipotoka yokha, kabokosi kazingokwera nawo ngati pasenja. Mukakawotcherera pansi, kumbali ndi kudenga ndiye kuti mwakakwatitsa ku mavuto onse a motokayo.

Pansi pulayiwudi ya 18 mm, ya marine ngati mwaipeza, m'mbali 12 mm, ndipo m'mphepete monse mwa thabwa mupake vanishi kapena penti musanakhome chifukwa madzi amalowera m'mphepetemo. Tile fix musamupake pa thabwa mwachindunji, thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, likauma n'kubwerera. Pamwamba pake pakhale fibre cement board yopyapyala ya 6 mm, kenako mankhwala otchinga madzi aja opaka ndi bulashi, waterproofing, ulendo uwiri kapena utatu, woyamba uume kaye, ndipo m'makona monse ndi mozungulira dreni muike kansalu kake kaja mankhwala akadali osauma. Mvetsani apa mphwanga, tailosi ndi grout sizitchinga madzi. Ndi malaya chabe. Chotchinga madzi ndi chimene chili pansicho, moti ngakhale tailosi litang'aluka motoka yanu isanyowe.

Pa thumba la tile fix yang'anani zilembo. Wa flexible amalemba C2 ndi S1 kapena S2. S1 amapirira kupindika kuyambira 2.5 mm, S2 kuyambira 5 mm kupita m'mwamba pa mayeso omwe amapanga ku fakitale. Ngati thumba silinalembedwe chilichonse ndi wa m'nyumba wamba, musiyeni pomwepo ngakhale wogulitsa alumbire. M'makona, pomwe khoma lakumana ndi khoma kapena khoma ndi pansi, musaikemo grout ngakhale pang'ono, siyani kampata ka 4 kapena 5 mm muthiremo silikoni. Silikoniyonso pali mitundu iwiri, yonunkha ngati viniga ija imadya chitsulo, gulani yolembedwa neutral.

Ndiye yankho langa ndi loti zimatheka, koma si ntchito ya masiku awiri, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanaika matailosi pansi pokha.

Sipanala_17, Kapata

Za tile fix ine sindidziwa mkulu wanga, ndine wa magirisi, koma Rosa ndazigonera pansi zambiri ndiye ndilankhule mbali yanga.

Tiyeni tiwerenge. Makoma atatu a 80 cm kutalika 1.8 m ndi masikweya mita 4.3, kuphatikiza pansi mwafika pa 5. Matailosi a 40 kwa 40 pamenepo alowa 31 kapena 32. Muli ndi sikelo ya nshawa, kwezanipo limodzi muchulukitse nokha. Onjezani thumba la tile fix la 20 kg, ma board, pulayiwudi, felemu ya amudala a ku Katete ija, mupeza kuti kashawa kamodzika kakulemera ngati matumba atatu a chimanga a 50 kg kapena kuposa. Ndiye madzi, lita imodzi ndi 1 kg, thanki ya malita 200 ndi matumba ena anayi.

Tinene zoona, Rosa siingalire ndi zimenezo, inkanyamula anthu oposa 25 ndi akatundu awo, mbuzi ndi njinga padenga. Vuto si kulemera, vuto ndi pomwe mwakuika. Mwati kumanzere, kumbuyo kwa teyala la kumbuyo. Malo amenewo ndi omwe amadumpha kwambiri mu basi yonse, funsani aliyense amene anakhalapo pa mpando wa kumbuyo kuchoka kuno mpaka Lusaka, makilomita 570 aja, akafika pa hampu mutu umagunda denga pomwe a kutsogolo sanamve kanthu. Ngati bedi ndi khitchini simunazikhome moti sizingasunthike, sendezani shawayo ibwere pakati pa mateyala a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndipo thanki ya madzi ikakhale mbali ina, ya kumanja, komanso pansi osati padenga. Ndaona anthu akukweza madramu padenga ati kuti madzi azitsika okha, koma madzi akamayenda mu dramu pa makona a ku Manenekera aja motoka imakankhidwa, si zoseweretsa. Kapampu kakang'ono ka magetsi kamakwana, mungoona kaye kuti motoka yanu ndi ya 24V kapena mutenga ku batire ya solar ya 12V, musawotche pampu tsiku loyamba.

Chinanso, mashoko ndi masipuling'i. Rosa yomwe yathamanga msewu wa Lundazi zaka zambiri ndikukayika ngati mashoko ake akugwirabe. Sinthani amenewo kaye, ndi mabushi, musanagule tailosi ngakhale limodzi. Ndipo poboola dreni gonani pansi muone kaye, kuli mapaipi a mabuleki, mawaya, thanki ya dizilo. Chasisi musaboole, musaidule, musaiwotcherere chilichonse. Tukulaninso kamkeka ka labala ka pansi pomwe mukufuna kuika shawapo, makamaka pafupi ndi pobisala teyala, muone ngati dzimbiri silinayambe kale. Kutsekera dzimbiri pansi pa shawa ndi kukwirira njoka m'nyumba.

Musaiwalenso kuti mwazula mipando, pitani ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pa msewu, mukafunse za mapepala ake musanapite ku fitness kokayezetsa motoka, kuti zolembedwa zifanane ndi zomwe zili mkati.

Mayi_wa_ku_Mfuwe

Alongo, amuna anzanuwa akuuzani za zitsulo, ine ndikuuzani za munthu amene adzakolope shawayo, chifukwa ndikudziwa kuti si inuyo.

Ndimagwira ntchito ya m'zipinda pa kampu ina kuno ku Mfuwe. Nthawi ya chilimwe timalandira azungu obwera kudzaona nyama ku South Luangwa ndi zimalole zawo zija zokhala ndi chilichonse mkati, ena achokera ku South Africa, ena ku Germany ayenda miyezi. Ine ndi chidwi changa ndimapempha kusuzumira. Mwa onse omwe ndinalowamo sindinaonemo makoma a matailosi enieni, ndi pulasitiki kapena faibagalasi, kosalala kopanda mizere, ukangopukuta ndi kansalu basi zatha. Anthu amenewa ndalama ali nazo, akanafuna matailosi akanaika.

Grout imada alongo. Mu bafa ya m'nyumba muli windo lalikulu komabe timakhalira kukwecha ndi mswachi wakale, nanji kabokosi ka 80 cm kotsekeka, kotentha, komwe mwasamba n'kutseka chitseko n'kunyamuka. Pakatha milungu iwiri mizere yonse chuku bii. Madzi a m'zitsime zambiri amasiyanso zoyerayera zija pakhoma, pa chinthu chosalala umangopaka viniga n'kupukuta, koma pa grout ya simenti viniga wambiri amaidya. Ndiye musaiwale kafani kotulutsa nthunzi padenga kapena kawindo, chimenecho ndi chofunika kuposa mtundu wa tailosi.

Alamu angawo sakufuna tailosi kwenikweni, ndikuwamva ine. Akufuna malo ooneka aukhondo oti munthu wamkazi angavule nsalu osaona ngati ali mu garaja. Atengeni mukawaonetse ma board aja amakutira kutsogolo kwa mashopu ndi kupangira zikwangwani, aluminium composite, ena amangoti Alucobond. Amabwera 1.22 m kwa 2.44 m, alipo oyera onyezimira, ena ngati mabo, khoma limodzi chidutswa chimodzi popanda polumikiza, ndipo ndi opepuka, a 4 mm amalemera cha m'ma 5.5 kg pa sikweya mita. Amamata ndi guluu wa polyurethane ngati Sikaflex yemwe akauma amakhala ngati labala. Pansi ndiye muwaikire mosaic wokongola wa mtundu womwe asankhe okha, muone ngati nkhondo siitha.

Zina ziwiri zomwe palibe wanena. Fungo. Kapaipi kokhota ka pansi pa dreni kaja kamasunga madzi kuti fungo lisabwerere, koma mu motoka madziwo amakhutuka ndi kugwedezeka, otsala n'kuuma ndi dzuwa, ndiye ngati muli ndi thanki ya madzi osambasamba pansi fungo lonse lidzalowa mpaka pa bedi. Mukafika pomwe mukugona thiranimo kapu imodzi ya madzi, poyenda tsekani ndi chotsekera chake. Ndipo madzi amenewo musamangowataya pakhomo pa anthu kapena pafupi ndi chitsime. Chachiwiri, ngati mukuganiza za giza ya gasi, chonde isakhale mkati mwa shawa momwe mukusambiramo. Utsi wake suoneka, sununkha, munthu amangofooka n'kugona osadzukanso. Ikhale kunja kapena ikhale ndi chumuni chotulukira kunja.

Wa_Rosa_yoyera, Chipata

Zikomo kwambiri nonse, ndakhala ndikuwerenga mobwereza. A Njinga inu ndowa ilipo, ndi yomwe ndatopa nayoyo.

A Sipanala ndakweza tailosi limodzi pa sikelo, 2.8 kg, ndiye 31 ndi pafupifupi 87 kg matailosi okha, munanena zoona. Kusendeza shawa kutheka, ndisinthanitsa ndi kabati ya ziwiya, sindinaikhome kwambiri. Alongo a ku Mfuwe uthenga wanu ndawawerengera amake mwana mokweza, aseka, ati mayi ameneyo ndi mfiti wadziwa bwanji, koma sanavomerebe, ati aone kaye ndi maso.

Amudala a ku Katete ndili ndi mafunso enanso musatope nane. M'midzi momwe ndimaima mulibe malo a levulo, lero motoka yaweramira kutsogolo mawa kumbali, ndiye madzi adzapita bwanji ku dreni? Chachiwiri, pakati pa timatailosi ta mosaic ndiikemo grout yanji poti mwati ya simenti imasanduka ufa? Komanso wina wandiuza kuti ndingogula PVC ceiling ija ya m'nyumba ndikhome m'makoma, ndi yotchipa ndipo ku Down Shops ili mbwee. Mukuti bwanji?

Mmisiri_wa_ku_Katete

Funso la levulo ndi lomwe linandigwira ine pa Coaster ija, moti mwini wake ankachita kukankha madzi ndi phazi. M'nyumba timatsetsereka 2 cm pa mita imodzi ndipo zimakwana chifukwa nyumba ili pomwepo mpaka kale. Mu basi mukaima popendekeka pang'ono chabe 2 cm yanu yatha, madzi akupita kwina. Ndiye ikani madreni awiri, m'makona awiri opingasana, wina kutsogolo kumanja wina kumbuyo kumanzere, mapaipi ake akakumane pansi. Motoka ikapendekera kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali imodzi ilandira. Pakhomo pa shawa pakhale kachipupa ka 5 cm kapena kuposa, ndipo waterproofing ikwere kachipupako mpaka kutsikira kuseri. Kalevulo kakang'ono muzisunga pa dashibodi ndi timatabwa tiwiri topondetsa teyala, zimathandizanso pogona kuti magazi asathamangire kumutu.

Njira ina yomwe ndingakonde kuposa zonse, pansipo pangitsani thireyi ya faibagalasi kapena ya stainless yopindidwa m'mbali, chinthu chimodzi chopanda msoko, ndiye ma board a m'makoma atsikire mkati mwa thireyiyo osati kuseri kwake. Madzi otsika pakhoma azigwera mu thireyi. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amaika thireyi pambuyo n'kudalira silikoni yekha.

Grout ya pakati gulani ya epoxy. Siimwa madzi, siida msanga, zomwe mayi a ku Mfuwe akudandaula zija zimachepa. Koma ndi yodula ndipo ndi yaukali, imabwera zigawo ziwiri kapena zitatu zosakaniza, ikatentha imauma mofulumira. Gwirani m'mamawa motoka ili pa mthunzi, sakanizani pang'onopang'ono, valani magulovu, ndipo pukutani pamwamba pa matailosi nthawi yomweyo, ikaumirapo simudzaichotsa. Pa 80 kwa 80 sipalowa yambiri ndiye thumba lanu silipsa kwenikweni. Ikasowa tengani grout ya flexible, koma dziwani kuti muzidzaikonza nthawi ndi nthawi. M'makona ndanena kale, silikoni basi, ngakhale muli ndi epoxy.

PVC ceiling ayi mphwanga. Anaipangira kudenga. Mkati mwake ndi mphako, chigongono chimodzi yaboka, ndipo polumikizana timizere take madzi amadutsa n'kukatsikira kuseri komwe simuona. Mungaike kudenga kwa shawa, pamenepo ili bwino.

Musathamange. Mukamaliza waterproofing n'kuuma, tsekani madreni onse, thirani madzi afike pafupi ndi pamwamba pa kachipupa, lembani mzere ndi pensulo, musiye maola 24. Mawa lake onani mzere, gonani pansi pa motoka ndi tochi. Pakakhala pouma khuthulani, ndiye musanaike tailosi ngakhale limodzi yendetsani motoka mpaka Chadiza n'kubwerera, muthirenso madzi kachiwiri. Ngati kabokosi kanu kali ndi matenda aonekera pamenepo, m'makona mudzaona kansalu katakokeka, ndipo kukonza nthawi imeneyo ndi bulashi chabe osati hamala. Poika mosaic gwiritsani trowel ya mano ang'ono, 4 mm, mukatenga ya mano aakulu tile fix adzatumphukira m'mizere. Mukamaliza motoka isayende mpaka masiku omwe alembedwa pa thumba akwane, ine ndimawonjezerapo awiri. Pambuyo pa ulendo uliwonse wautali gogodani timatailosi ndi kobiri, lomwe likulira ngati ng'oma ndiye kuti lasiya pansi.

Njinga_ya_pa_Saturday_Market

Madreni awiri, felemu, epoxy, maola 24, kukafika ku Chadiza kukangoyesa bafa kkkk. Amudala pamenepa ndowa yanga ija ikuwina 3 kwa 0.

Mayi_wa_ku_Mfuwe

A Njinga inu mumasamba ku mtsinje, tisiyeni tikambe za anthu apabanja. Alongo ndinaiwala, chitseko cha galasi musayerekeze, ikani katani yokha pa kapaipi, ndipo sopo ndi mabotolo azikhala mu kathumba kokoloweka. Botolo la shampoo likagwa kuchokera pa shelefu motoka ikuthamanga limatha kubenthula tailosi, ndipo simudzagona ndi phokoso lake likamagubuduzika.

Wa_Rosa_yoyera, Chipata

Ndabweranso abale patatha milungu itatu, ndinati ndikuuzeni pomwe zafika.

Mayeso a teyala aja ndinachita amake mwana ali mkati. Ndinakweza la kumbuyo pa mulu wa njerwa, chitseko cha kabati ya mbale chinatseguka chokha n'kukana kutsekeka, iwo anangoti eee, osawonjezera mawu. Madzulo ake anandifunsa okha kuti ma board onyezimira aja amagulitsa kuti. Asankha oyera, pansi mosaic wobiriwira ngati madzi. A 40 kwa 40 aja apita pa khonde monga munanenera amudala, mmisiri wathu uja ndi yemwe waika ndipo ndi okongola, ngakhale mpaka lero akunenabe kuti mu basi akanakhala.

Shawa ndaisendezera pakati, felemu yatha, ili pa labala. Tile fix wa S1 ndinazungulira mashopu angapo osamupeza, ena amangondionetsa wamba n'kumati ndi yemweyo, ndiye ndatuma mlamu wanga ku Lusaka atumize pa basi pamodzi ndi epoxy. Mashoko a kumbuyo ndasintha onse awiri, limodzi linali litauma mafuta kalekale.

Koma a Sipanala pakamwa panu. Nditatukula kamkeka ndapeza dzimbiri pafupi ndi pobisala teyala, malo aakulu ngati chikhatho changa, ndinangokankha ndi sikuludiraiva n'kuona dothi la pansi. Wowotcherera abwera Lolemba kudzadula n'kuika chigamba, ndiye ndalama ya mosaic yayamba yapita kumeneko. Mmene ndikuonera ku Mkaika chaka chino tipita ndi kabokosi kopakidwa waterproofing chabe, katani, ndi ndowa ya a Njinga. Amudala, kodi tingasambiremo choncho masiku atatu osaika matailosi, titayala kamkeka ka labala pansi kuti mapazi asakande mankhwalawo, kapena ndiwononga ntchito yonse?